Nthambi Yodulira M'madzi

Ine ndimalankhula kwambiri. Ndiyambe ndanena ndekha musanandiuze, chifukwa kwathu ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, palibe amene sakudziwa. Amayi ogulitsa tomato pakona paja akangondiona ndikutulukira amayamba kutsanzikiratu. Ababa ankanditchula kuti wailesi, ati mawailesi ena amatha mabatire koma yawoyi inabwera ndi magetsi akeake. Ndiye mukamva kuti tsiku lina ndinakhala duu pafupifupi theka la ola, usana ukuwala, foni yanga ili m'thumba la munthu wina, mudziwe kuti panali nkhani.

Nkhani yake inali ya mtengo.

Ndinabadwira pafamu ina ya maluwa cha ku Muzvezve. Agogo anga aamuna anachokera ku Malawi wapansi. Ababa anabadwira pafamu pomwepo n'kukulira m'maluwa, kudula, kusanja, kumanga timitolo, maluwa n'kukwera ndege kupita kwa anthu amene sitinawaonepo. Ife tinkakhala kukomboni, nyumba za antchito zondondozana ngati mabokosi a machesi, ndipo pakati pa komboniyo panali mkuyu waukulu. Zonse zinkachitikira pansi pake. Mapemphero a Lamlungu, kumeta tsitsi, bawo, milandu ya nkhuku zolowa m'dimba la eni ake. Ana tinkatola nkhuyu n'kumazing'amba pakati kuti tione tizilombo ta m'kati, tikationa n'kuuzira fuu, n'kudya ndithu.

Famu inatsekedwa ndili giredi thu. Tinasamukira ku Chegutu, nyumba zija zinagwa, njerwa anthu anatuta, malo anagawidwa mapuloti. Chinatsala ndi mkuyu basi.

Kusukulu tchuthi chikayandikira anzanga ankayamba, ine ndikupita kumusha ku Sanyati, ine kwa ambuya ku Mhondoro. Kenako n'kutembenukira ine, "Ko iwe, kumusha kwenyu ndekupi?" Akufunsa m'Chishona za kumudzi kwathu, chonsecho akudziwa kale kuti ana a m'mafamu tilibe. Ndikati ku Malawi, amati basi yake umakwerera pati, ine kukamwa gwa. Tsiku lina ndinafika kunyumba ndikulira, ababa n'kundiuza kuti, "Kwawo kwa munthu ndi kumene kunakwiriridwa mchombo wake. Wako ndinakwirira ndekha patsinde pa mkuyu, mbali yotulukira dzuwa." Kuyambira pamenepo ndinkayankha kuti kwathu ndi ku Muzvezve, pamkuyu. Ankaseka, koma yankho ndinali nalo.

Sukulu ndinalekezera fomu folo. Zina zonse ndinaphunzira pafoni, nditatsamira khoma la shopu ina imene intaneti yake inkatayikira kunja. Ndi pomwepo pamene ndinaonera kavidiyo kosonyeza kuti tsamba lili ndi timabowo kunsi kwake, timilomo tosaoneka ndi maso, totseguka n'kutseka. Ndinachita ngati ndazungulira mutu. Sabata yonse ndinkatembenuza masamba a repu n'kumauza amayi kuti ndiwo zanuzi zili ndi pakamwa. Amayi amvekere, ngati zili ndi pakamwa ndiye zatengera iwe.

Ndiye tsiku lina m'gulu lina la pafoni munabwera uthenga woti pakufunika munthu wothandiza masiku anayi, pa kafukufuku wa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Muzvezve. Ndinatumiza mawu ojambula. Osati kamodzi. Pambuyo pake mwini uthengayo anandiuza kuti anandilemba ntchito kuti foni yake ipumeko.

Mwini uthengayo anali mayi wachitsikana, wamkulu kwa ine mwina zaka khumi, ndipo ndinkangowatchula kuti asisi. Anabadwira ku Kadoma, agogo awo anabwera kudzagwira m'migodi. Chichewa amamva chonse koma poyankha limatuluka ndi Chishona chosakaniza ndi Chingerezi. Anali ataphunzira kunja, m'nkhalango zija zimene mvula imagwa tsiku lililonse, mitengo yake yaitali moti pansi pamakhala mdima masana. Anandionetsa zithunzi. Kumeneko ati kuli nsanja zazitali zachitsulo, umakwera ndi makina ako mpaka pamwamba pa mitengo n'kuyeza tsamba lili pamtengo pake. Ku Muzvezve nsanja kunalibe. Tinali ndi ndodo yaitali yolumikiza, kumapeto kwake kuli lumo lokoka ndi chingwe, ndi ndowa ziwiri.

Makinawo ndiwafotokoze, chifukwa ndinawakonda ngati munthu. Bokosi lolemera ngati batire la galimoto, chipaipi chotuluka m'bokosimo, kumapeto kwa chipaipi kuli mutu wotseguka ngati kukamwa kwa ng'ona. Kukamwako kumaluma tsamba, koma mofatsa, mano ake ndi a siponji. M'kati muli kanyali kakekake kokhala ngati dzuwa. Mpweya umalowa, umadutsa patsamba, umatuluka, makina n'kuona kuti tsamba ladya wochuluka bwanji mpweya wa kaboni, womwe uja ifeyo timatulutsa popuma. Nambala ikakwera ndiye kuti tsamba lili pantchito, likuphika chakudya cha mtengo ndi kuwala. Tikatero tinkakulunga tsamba lina ndi pepala lonyezimira lija lokulungira nyama, kulipusitsa kuti kwada. Likakhala mumdima kwa kanthawi limasiya kuphika n'kumangopuma ngati ine ndi inu, kanambala kake kakang'ono, kotsikira kunsi kwa ziro. Pomaliza tsamba lililonse tinkaliyeza kukhuthala kwake, kulijambula lili pabolodi loyera pambali pa rula, n'kuliika mu envelopu kuti akaliumitse n'kuliyeza pasikelo.

Tsiku loyamba lenilenilo ndinaononga ntchito. Asisi alumitsa makina tsamba la mtengo wa mukute, ine ndaweramira pomwepo, ndikufunsa ichi n'chiyani, nanga ichi, nanga kunkhalango kuja njoka zake zimakhala zazikulu bwanji. Manambala anayamba kuvina. Kukwera, kutsika, kukweranso. Asisi anayang'ana paipi, anayang'ana batire, kenako anayang'ana ine.

"Tatseka pakamwa pang'ono," anatero m'Chishona.

Ndinatseka. Manambala anakhazikika.

"Talankhula."

Ndinati ndilankhule chiyani, nambala n'kudumpha ngati yaponda moto. Asisi anaseka mpaka kukhala pansi. Makina aja amamva mpweya wa munthu, ukawapumira pafupi amasokonezeka. Kuyambira tsiku limenelo anandijambulira mzere pansi ndi chidendene, kumene mphepo ikulowera, ndipo nkhani zanga zonse ndinkakambira kuseri kwa mzere, mokuwa.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Timafika dzuwa likungotuluka. Ine ndimakweza ndodo, kusankha nthambi ya pamwamba yomwe imaombedwa ndi dzuwa, kukoka chingwe, nthambi ikagwa n'kuthamanga nayo mundowa. Asisi amaidulanso kutsinde ili m'madzi momwemo kuti isamwe mpweya. Timadikira pang'ono, n'kuyeza. Ikamakwana leveni timapakira, chifukwa dzuwa likatentha masamba amatseka timilomo tija. Mtengo uliwonse umene wapereka manambala abwino ankaukhomera kachitsulo ka nambala, kuti chaka chamawa nyengo yamvula adzaupezenso.

Malo amene tinkagwirawo anali puloti ya bambo wina wolima fodya, munthu wamtali wosachedwa kuseka. Anapangana ndi asisi kuti mtengo wa kachitsulo sadzaukhudza. Ine nditangotsika galimoto tsiku loyamba ndinadziwa pamene ndili. Msewu unasintha, nyumba kulibe, koma chapatali apo, kumtunda kwa munda, mkuyu uli chiimire. Ndinathamangirako nthawi yopuma. Ndinaupeza uli ndi bala la nkhwangwa patsinde, latsopano, utomoni utauma m'mbali.

Ndinakafunsa mwini puloti. Anandiyankha bwinobwino, mosabisa. Ati iyenso akudziwa kuti mtengo wotere akuluakulu sakonda kuti udulidwe, koma mthunzi wake ukumudyera munda, fodya wa mbali imeneyo amakwinimbira, ndiye wocheka ndi tcheniso, macheka aja a injini, abwera Loweruka. Tsikulo linali Lachiwiri.

Ndinabwerera kwa asisi pakamwa pali patsogolo. Ndinawauza za komboni, za bawo, za mchombo, zonse nthawi imodzi, ndi kuti tingokhoma kachitsulo basi, ndani angadziwe.

Anakana. Ati kachitsulo si chithumwa. Mtengo wopanda manambala sakhomera, chifukwa mwini puloti akadzazindikira kuti tikukhoma mwachisoni, tizitsulo tonse tidzasanduka zidzimbiri wamba, ndipo mitengo ya kumtsinje idzapita nawo. "Koma mkuyu ndilibe pamndandanda," anatero. "Ukapereka manambala, ndikhoma. Tiyese Lachinayi."

Lachinayi tinayesa. Nthambi zam'munsi abusa a ziweto anasadza kalekale, masamba onse ali kumwamba, ndodo ndinalumikiza mpaka mapewa kunjenjemera. Nthambi yoyamba inagwa, ndinaithamangitsira mundowa, asisi anaidulanso m'madzi monga mwa nthawi zonse. Madzi anayera ngati mwathiridwa mkaka. Titaluma tsamba nambala inayamba bwino, mtima wanga myaa, kenako inayamba kutsika, kutsika, mpaka kutsala pang'ono kufika pa ziro. Masamba analefuka ndikuwaona ndi maso. Nthambi yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu chimodzimodzi. Kenako leveni inakwana.

Asisi anapukuta manja. Ati mitengo ya utomoni woyera imavuta chonchi, utomoniwo umatseka njira za madzi, kunkhalango kuja ankaiyeza ili chiimire, ali pansanja. Kukwera mkuyu ndi bokosi lija kunali kosatheka, ndipo sakanalola. Manambala a nthambi yofota sangawalembe ngati a mtengo. "Mawa ndi tsiku lomaliza," anatero. "Ndikupatsa m'mawa wonse. Zikakanika, zakanika."

Madzulo ake kunyumba ndinadya sadza, nsima ya kuno, osalankhula. Ababa anandiyang'ana, anayang'ana amayi.

"Magetsi athima kuwailesi?"

Ndinafotokoza. Ababa anali atakalamba ndithu nthawi imeneyo, mawondo akuvuta, ntchito yawo inali yosoka nsapato pakhonde. Za famu sankakonda kukamba. Ndinkayembekeza kuti anena kuti mtengo ndi mtengo, usadzivute. Koma anasiya kudya n'kuyamba kundifunsa ngati kapitawo.

"Madzi a m'ndowamo anali otani?"

"Oyera ngati mkaka."

"Munasintha kangati?"

"Sitinasinthe."

"Ndiye nthambiyo imamwa chiyani?"



"Imamwa mkaka wake womwe," anadziyankha okha. "Iwe ungamwe phala ndi kaudzu?"

Ati kufamu kunali maluwa ena olira mkaka ukawadula. Amenewo anali ndi ndowa zawozawo, ukangowasakaniza ndi marozi, mawa lake marozi onse azyolika, kapitawo n'kukudya wamoyo. Duwa lotero umalisiya lilire kaye m'madzi oyenda mpaka misozi ithe, kenako umadulanso pamwamba pang'ono, mopendeketsa, osalitulutsa m'madzi ngakhale kamodzi. Likalirabe umadikiranso, umadulanso. Likasiya kulira ndiye umalilowetsa mundowa ya madzi abwino, ndowayo ili pansi pa madzi momwemo.

Ndinati mtsinje panopa ndi matope okhaokha, makorokoza ofuna golide anaukumba mbali zonse. Ababa anati ndani wanena za mtsinje. Analowa kuchipinda, ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, anatuluka ndi kanthu kokulunga m'sanza yamafuta. Inali sekateya, lumo lodulira maluwa, zogwirira zake zitaperepeseka mpaka kuoneka chitsulo. Moyo wanga wonse sindinkadziwa kuti ili m'nyumba mwathu. Anakhala pakhonde n'kumainola pamwala kufikira dzuwa litalowa.

M'mawa wa Lachisanu anavala jekete lawo la kutchalitchi. Amayi anati mukupita kuthengo kapena ku ukwati. Ababa anati ndikupita kwathu. Tinakwera kombi, minibasi yoyamba ya m'mawa, asisi anatitengera pamphambano.

"Mwadzuka bwanji, mayi?" anatero ababa akukwera galimoto.

"Tamuka, baba," asisi anayankha m'Chishona.

"Agogo anu anachokera kuti?"

"Ku Dedza."

"Ooh, ku Dedza. Nanga pakamwa panu anakulandani paboda?"

Asisi anaseka mpaka galimoto kugwera m'dzenje. Kenako anayesa, pang'onopang'ono ngati akuoloka pamtengo, "Ndadzuka bwino, kaya inu."

"Eya. Ndiye tigwirizana."

Titafika ababa sanapite kumtengo. Anaima kaye m'munda wa fodya n'kumaloza ndi chibwano. Apa panali nyumba yathu. Apo panali mpope. Apo pankakhala bambo wina wa ku Mozambique amene ankaweta nkhunda. Ine ndikungoona mizere ya fodya. Kenako anatsetserekera kumunsi kwa mkuyu, m'kathengo ka minga, akukankha udzu ndi ndodo yawo, mawondo akulira. Anaima pamiyala ina n'kundiuza kuti ndichotse zinyalala. Pansi pa masamba owola panali madzi abwino, oonekera mpaka pansi, akutuluka pakati pa miyala n'kumayenda kangalande kakang'ono kolowera kumtsinje.

"Mpope ukafa, amayi ako ankatunga pano," anatero. "Ukuganiza kuti mkuyu unamera pamenepa chifukwa chopusa?"

Ngakhale mwini puloti sankadziwa kuti ali ndi kasupe.

Tinakumba pang'ono ndi manja kuti pakhale kadziwe kolowa ndowa. Ababa anakwinya buluku mpaka m'mawondo, jekete osavula, n'kugwada pamwala. Ine ndinabwerera kumtunda, pamtengo, ndi ndodo yanga, ndinasankha nthambi ya kumene dzuwa limayambira, ndinakoka chingwe. Itagwa ndinaibaya mundowa n'kuthamanga, madzi akukhavukira m'miyendo, minga ikundikoka siketi. Pakasupe ababa anailandira, anaimiza, n'kuti, "Gwira apa. Isatuluke."

Ndinagwira ndi dzanja limodzi. Linalo linali ndi foni, chifukwa zinthu ngati zimenezi munthu ungazisiye osajambula? Ndikufunafuna poonekera bwino, ndikufotokozera anthu anga a pafoni kuti awa ndi ababa anga, iyi ndi sekateya ya kalekale, osazindikira kuti dzanja logwira nthambi likukwera.

"Iwe."

Tsinde linali litatsala pang'ono kutuluka m'madzi.

"Bweretsa kuno chimenecho."

Ndinati ababa ndingojambula pang'ono. Sanabwereze. Anatambasula dzanja lonyowa, lomata utomoni, ndinawapatsa, anaiponya m'thumba la m'kati la jekete. "Manja awiri. Maluwa sagwiridwa ndi munthu amene maso ake ali kwina."

Ndiye ndinaona ndi maso angawa. Sekateya inalowa m'madzi, khwapu, kamodzi kokha, mopendeketsa. Utomoni unatuluka ngati utsi woyera n'kumatengedwa ndi madzi. Tinadikira. Ababa ankasisita podulapo ndi chala chachikulu. Utsi utachepa anadulanso, kachidutswa kotalika ngati chala. Unatulukanso koma wochepa. Kachitatu kunangotuluka kaulusi. Kachinayi madzi anakhala opanda mkaka. Anathothola masamba am'munsi, ati achepe omwa, kenako anamiza ndowa yotsuka bwino, analowetsa nthambi ili pansi pa madzi, n'kuitukula zonse pamodzi. Asisi nthawi yonseyi anali atanjuta pambali, akulemba m'kabuku, osaphethira.

"Isiyeni ipume pamthunzi," anatero ababa. "Nayonso yadzidzimuka."

Tinachita nthambi zitatu motero. Pomwe tinkamaliza yachitatu, yoyamba ija masamba ake anali chiimire, owala, ngati sakudziwa kuti achoka pamtengo.

Asisi anaika makina patsinde pa mkuyu. Anajambula mzere uja ndi chidendene. Ababa anafunsa kuti mzerewu ndi wa chiyani, asisi anafotokoza, ababa anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye kuti azungu anapanga makina oti amuuze mwana uyu zimene ine ndakhala ndikumuuza zaka zonsezi?"

Tinakhala kuseri kwa mzere, ababa pamuzu, ine pansi. Ng'ona inaluma tsamba. Kuchokera pamene ndinali manambala sindinkawaona, ndinkangowerenga nkhope ya asisi. Dzulo lake nkhope imeneyo inkagwa pamodzi ndi nambala. Ulendo uno anayang'ana, anadikira, anayang'ananso, anadikirabe, kenako anakweza chala chachikulu osatembenuka. Tsamba lachiwiri. Lachitatu.

Kunatsala za mumdima, ndipo zimenezo ndiye zovuta, chifukwa kanambala kake n'kakang'ono kwambiri, mpweya wa munthu mmodzi ukhoza kukamiza. Asisi anati popanda zimenezo mtengo sunamalize mayeso. Anazimitsa kanyali ka m'makina, analowetsa tsamba limene linali litakulungidwa kale, anaphimba mutu wonse ndi nsalu yakuda, n'kutiuza kuti aliyense atseke pakamwa mpaka anene.

Nthawi yomweyo mwini puloti anatulukira m'fodya, kumbali kumene mphepo imachokera, akuyamba kale moni wake wautali uja, mamuka sei, ana ali bwanji, kodi alendowa ndi ochokera kuti. Ndinadzambatuka. Ine, wailesi ya ku Pfupajena, ndinathamangira bambo wamkulu mwini malo, chala chili pamlomo, ndinamugwira dzanja n'kumuzungulitsa kutali mpaka kuseri kwa mzere, osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Bamboyo anadabwa, anayang'ana ababa, ababa anagwedeza mutu n'kumusunthira malo pamuzu. Anakhala.

Tinakhala anthu atatu pamenepo, duu. Sindikudziwa kuti ndinayamba ndakhalapo chete chonchija. Ndinamva nkhuyu zikugwa imodziimodzi, njiwa kumtsinje, kampope ka m'makina kakulira ngati udzudzu. Dzanja langa linkapita lokha m'thumba kukafuna foni n'kupezamo mulibe. Ndinayang'ana ababa. Buluku lonyowa, mapazi ali ndi matope, sekateya ili pabondo, maso ali pansi, mbali yotulukira dzuwa, pakati pa mizu iwiri ikuluikulu. Ataona kuti ndikuwayang'ana analoza pamenepo ndi mlomo. Ndinamva. Sindinafunse kanthu, ndipo mukadandidziwa mukadadziwa kuti chimenecho chinali chozizwitsa.

Masamba atatu a mumdima anatenga nthawi ngati ulaliki wa mlendo. Kenako asisi anavundukula nsalu, anatseka kabuku, anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachitsulo, msomali ndi hamala. Anabwera kwa ababa n'kugwada pang'ono popereka.

"Khomani ndinu, baba," anatero, m'Chichewa.

Ababa anati maso awo saona msomali, akhoma chala, apatseni wailesiyo. Ndinakhoma ndine, pamwamba pa bala la nkhwangwa lija. Nditafuna kumaliza asisi anandigwira mkono, ati msomali usalowe wonse, usiye mpata, mtengo ukukulabe.

Mwini puloti anaimirira, anayang'ana kachitsulo, anayang'ana fodya wake wokwinimbira uja, anapuma mozama. Ati mawu ndi mawu, amuimbira wa tcheniso kuti asabwere, koma tidziwe kuti mthunziwu ukumudyerabe munda. Ababa anati fodya sangakane, adyedwadi, koma atsike aone chimene chili pansi pa miyala apo. Anatsika onse awiri. Tinamva bamboyo akuseka kumunsiko, kenako akufunsa ngati angabwereke sekateya ija tsiku limodzi lokha.

"Mkazi, mfuti ndi sekateya," anatero ababa, "sizibwerekedwa."

Pobwerera m'kombi mawu onse amene ndinasunga anatuluka nthawi imodzi, mpaka kondakitala anati sisi, mwalipira mpando umodzi koma mukulankhula za anthu folo. Ababa anagona, mutu uli pagalasi. Titatsika ku Chegutu ndi pamene anakumbukira, anapisa m'jekete n'kundibwezera foni. Kuseri kwake, pachikuto, panali chidindo cha chala chawo chachikulu, cha utomoni, chitauma n'kuda. Ndinayesa kuchikanda ndi chikhadabo, sichinachoke, ndinachisiya.

Ababa anatisiya chaka chachiwiri chake, nyengo yozizira. Asisi amabwerabe mvula ikagwa, ndipo masiku ano Chichewa chawo chimafika mpaka pa kudandaula za mitengo ya zinthu. Nthambi za mkuyu ndimadula ndine pakasupe paja, ndi sekateya ija, manja awiri. Mwini puloti anabzala masamba a ndiwo kumunsi kwa kasupe ndipo chaka chilichonse amatiuzabe kuti mthunzi ukumudyera munda. Msomali uja khungwa laumeza pafupifupi theka, chaka chino tinauzula pang'ono kuti kachitsulo kapume.

Mufoni yanga muli chilichonse, maukwati a anthu osawadziwa, mbuzi itakwera kombi, masamba mazanamazana ali pabolodi pambali pa rula. Koma za m'mawa umenewo muli kavidiyo kamodzi kokha, kafupi, kogwedera. Mumaoneka madzi, mkono wa jekete, ine ndikubwebweta, kenako mawu a ababa akuti, "Bweretsa kuno chimenecho," basi mdima wa m'thumba. Foni imeneyo inafa kalekale, kavidiyoko ndinakasamutsira mu ina. Chikuto chake chili musutikesi pansi pa bedi, m'sanza yamafuta ija, pamodzi ndi sekateya.